Mtengo wopanda tsiku umathawitsa kasitomala

Ochita geni ambiri ku Mbulumbuzi, pa Njuli ndi ku Namitambo m'boma la Chiradzulu ayamba kutsatsa malonda pa foni. Amajambula tomato, kabichi kapena nandolo n'kuponya pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti opikula a ku Limbe ndi ku Zomba aone. Nzeru ndi yabwino, koma ambiri akusakaniza zinthu ziwiri zofunika kuzilekanitsa: uthenga wokhazikika ndi uthenga wa lero lokha.

Pamsika kusiyana kumeneku timakudziwa kale. Dzina la golosale timalemba ndi penti pakhoma chifukwa silisintha, pomwe mtengo timalemba pa kachidutswa ka katoni kuti mawa tikang'ambe. Pa foni pazikhalanso chimodzimodzi.

Zokhazikika ndi dzina la bizinesi, pomwe mumapezeka, masiku ndi nthawi yomwe mumagulitsa, komanso nambala yolandirira ndalama ya Airtel Money kapena Mpamba, pamodzi ndi dzina lomwe limatuluka munthu akamatumiza. Izi zikhale pamalo amodzi osasuntha. WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere, ili ndi malo olembapo zimenezi, ndipo pa Facebook mutha kukhomerera uthengawo pamwamba. Kasitomala akazolowera kuona nambala imodzi pamalo amodzi, sapusitsidwa msanga ndi wakuba yemwe akunamizira kuti ndinu.

Mtengo ndi kuchuluka kwa katundu ndi nkhani ya lero. Status ya WhatsApp imafufutika yokha pakatha maola 24, choncho ndi yoyenera tomato, yemwe amatsika mtengo akachuluka n'kukwera nthawi ya dzinja. Koma zomwe mwaponya pa Facebook zimakhalabe, ndipo chithunzi chimatha kuyenda m'magulupu kwa miyezi. Lembani tsiku pachithunzi penipenipo, ndipo nenani ngati mtengowo ndi wa mulu, beseni kapena thumba.

Taganizani wopikula yemwe walipira minibasi kuchokera ku Limbe atakhulupirira mtengo wa mwezi watha. Akafika n'kupeza wakwera, saganiza za tsiku, amangoti mwamunamiza. Ulendo wina akagula kwa mnzanu. Kumbukirani kuti ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yomwe idalembedwa sabata yapitayo idasanduka bodza.

Ena amati njira yabwino n'kusalemba mtengo, ofuna katundu azifunsa kumbali. Ine sindikuvomereza. Wopikula amayerekeza mitengo ya anthu angapo asanakwere galimoto, ndipo yemwe wabisa mtengo amadumphidwa. Mtengo uzilembedwa poyera, bola ukhale ndi tsiku.

Sabata ino patulani mphindi zochepa. Konzani malo a uthenga wokhazikika, fufutani mitengo yakale yomwe idakali pa Facebook, ndipo m'mawa uliwonse yambani ndi tsiku musanalembe mtengo.