Uloya wa kunja ungayambire pa Zobue pompa

Mwana wa aneba athu kuno ku Chilomoni wasankhidwa kukaphunzira zamalamulo ku Chanco, ndipo chiyambireni sabata yatha nkhani pakhomopo ndi imodzi: akamaliza akagwira ntchito ku London kapena ku The Hague. Ine sindikutsutsa, pajatu yanga digiri inathera panjira kaamba ka fizi. Koma tiyeni tione kaye kuti pepala la uloya limayenda bwanji likadutsa boda.

Malamulo athu anachokera kwa Angerezi. Kuyambira mu 1902 makhothi a dziko lino akhala akutsata njira ya common law, imene jaji amayang'ana zigamulo za milandu yakale poweruza mlandu watsopano. Loya wathu akapita ku Zambia kapena ku Kenya, kaganizidwe kake n'kofanana. Ku England nako njira ilipo: kuyambira mu 2021 amene akufuna kukhala solicitor amalemba mayeso otchedwa SQE, ngakhale mtengo wake ndi wa mapaundi.

Ku Joni, kumene abale athu a ku Ndirande ndi Bangwe adzaza, zinthu n'zina. Kumeneko, komanso ku Zimbabwe, Lesotho ndi Eswatini, maziko ake ndi Roman-Dutch, malamulo amene anabwera ndi Adatchi kenako n'kusakanikirana ndi a Angerezi. Kuwoloka n'kotheka: a Richard Banda, amene anali mkulu wa majaji kuno kuyambira 1992 mpaka 2002, anakakhalanso pa mpando womwewo ku Swaziland mu 2007. Koma musanamizike, amenewo anachita kuitanidwa atakhwima kale. Kwa mnyamata wongomaliza sukulu chitseko ndi chokhoma. Lamulo la ku South Africa la 2014 limalola nzika ndi okhala ndi chitupa chokhazikika okha kulembedwa ngati maloya, ndipo mu Ogasiti 2022 khothi lawo la Constitutional Court linavomereza zimenezi, pa mlandu umene anadandaula anthu a ku Lesotho ophunzira zamalamulo ku South Africa konko. Digiri ali nayo, mkanjo ayi.

Palinso njira ya makhothi a mayiko. Mayi Tujilane Chizumila, amene anakhalapo Ombudsman, anasankhidwa mu 2017 kukhala jaji wa khothi la Africa loona za ufulu wa anthu ku Arusha. Mipando yotereyi ndi yochepa, ndipo dzina lako limayenera kuperekedwa ndi boma.

Tsono chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti palibe amene amatchula Mozambique. Dziko limene latizinga mbali zitatu! Mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira ndi ku Nacala. Mabasi onyamuka pa Wenela kupita ku Johannesburg amatulukira pa Mwanza, n'kulowa pa Zobue, n'kudutsa Tete asanafike ku Nyamapanda. Kumeneko malamulo anatengera kwa Apwitikizi: zambiri zinalembedwa kale m'mabuku akuluakulu a malamulo, jaji amayambira pa ndime ya bukulo osati pa chigamulo chakale, ndipo zonse zimayenda m'Chipwitikizi. Kuti uyime m'khothi uyenera kukhala membala wa bungwe lawo la maloya, Ordem dos Advogados de Moçambique.

Ndiye tayerekezani dalaivala wa thiraki wa ku Machinjiri wachita ngozi ku Tete, wamangidwa, katundu wagwidwa. Akazi ake athamangira kwa loya m'tauni. Loyayo Chingerezi amachitha, mabuku a ku London anawaloweza, koma kalata ya apolisi a kumeneko sangaiwerenge. Ayamba kufufuza womasulira, kenako loya wa tsidya linalo woti amukhulupirire, uku masiku akupita, munthu ali m'chitokosi.

Loya amene angamve Chipwitikizi n'kudziwa mmene khothi la ku Tete limayendera sangafunikire n'komwe kusamuka. Atha kukhala ndi ofesi ku Limbe, n'kumagwira ntchito limodzi ndi mnzake wa ku Beira, makampani a mathiraki n'kumamufuna okha. Mwana wa anebayo ndamuuza kuti pa tchuthi choyamba asake womuphunzitsa Chipwitikizi, pajatu m'makomboni muno olankhula chinenerochi alipo. Anangoseka, amvekere iye akufuna Chifalansa.