Cithunzi cimodzi tsiku lililonse

Mwana wa ku Lifidzi amaona zinthu zambiri pakhomo: khasu, licero, mtondo, mtsuko. Koma kuona si kudziwa.

Ndi bwino kuti mwana azijambula cinthu cimodzi tsiku lililonse. Ngati pakhomo pali foni, ajambule ndi foni. Ngati palibe, pensulo ndi pepala zikwana. Akatha, afunse akulu: "Agogo, ici n'ciyani? Cinacokera kuti?"

Lolemba ajambule licero. Adzamva kuti amaliluka ndi nsungwi. Laciwiri ajambule mtsuko. Adzamva kuti amauumba ndi dongo, ndipo umaziziritsa madzi. Lacitatu ajambule mbatata ya kacewere. Apa adzadabwa! Kwawo kwa mbatatayi ndi ku Peru, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Cimanga naco cinacokera ku Mexico.

Ena amati uku n'kutaya nthawi. Iyayi. Masiku ano cigayo calowa m'malo mwa mtondo. Ndowa ya pulasitiki yalowa m'malo mwa mtsuko. Cinthu cikasowa, dzina lake limasowanso. Agogo akadzapita, ana adzafunsa yani?

Mwana akajambula mtondo n'kulemba dzina lake, wausunga. Makolo amuthandize kusunga zithunzi zake.