Kanema wowala kwambiri: tisathamangire kumugula

Makolo, akomiti ya mzikiti ndi inu ophunzira, pa msonkhano wathu wapitawu tinagwirizana kuti ndalama zomwe tasonkha tigulire TV yoika mu holo. Pomwe tinasiyana maganizo ndi pa mtundu wake. Ena akufuna yapamwamba, ya smart, yowala kwambiri, ngati zija za Samsung, LG, Hisense kapena TCL zomwe amazitcha Mini-LED. Ine ndikuti tisagule imeneyo, ngakhale ubwino wake sindikuukana.

Kuwala kwa sikirini amakuyeza ndi ma nit. TV wamba imafika ma nit 300 kapena 400, pomwe yapamwamba imatha kupitirira 1,500. Kwa ife imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa timaphunzira masana, dzuwa likulowa pa mazenera. Sikirini yofooka imasanduka galasi, ndipo mwana wokhala kumbuyo amaona nkhope za anzake m'malo mwa chithunzi cha mtima chomwe aphunzitsi a Biology akufotokoza. Komanso TV ya smart imalowa yokha pa intaneti. Pa sukulu yomwe zipangizo za mu labu ndi zoperewera, a Fomu 4 angaone pa YouTube momwe titration imachitikira asanakumane nayo pa mayeso a MSCE. Ubwino umenewu ndi weniweni.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nambala yaikulu yolembedwa pa katoni ija si kuwala kwa sikirini yonse. TV imafika pamenepo pa kachigawo kakang'ono chabe, ikamaonetsa makanema opangidwa mwapadera otchedwa HDR. Nkhani za pa MBC ndi makanema ambiri a maphunziro si a mtundu umenewo. Ndiye kuti tilipira ndalama zambiri pa chinthu chomwe tizichigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo.

Chachiwiri ndi magetsi. Nkula ndi Tedzani zili pa Shire pafupi nafe pompa, koma kuzimazima timakudziwa bwino. Mu January 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya ma megawati pafupifupi 130, ndipo tinavutika kupitirira chaka. TV ikamawala kwambiri imadyanso magetsi ambiri, choncho batire la sola limatha msanga. Magetsi akabwerera mwamphamvu, kapena mphezi ikagwa pafupi, TV yodula imapsa ngati yotchipa yomwe.

Chachitatu ndi bandulo. Kanema wa 4K amatha kudya 7GB pa ola limodzi. Kodi ndi thumba liti lomwe lizigula bandulo ya Airtel kapena TNM yotere sabata ndi sabata? Tikatsitsa kukongola kwa chithunzi kuti tipulumutse bandulo, TV yapamwamba ija ionetsa zosasiyana kwenikweni ndi ya pakatikati.

Chachinayi, ikaonongeka. Sikirini ya mtundu umenewu si yoti mmisiri wa mawailesi pa Zalewa kapena pa Lisungwi aikonze. Mpofunika kuinyamula mpaka ku Blantyre, ndipo msewu wochokera kuno nthawi ya dzinja tonse tikuudziwa. Ena anena kuti titumize wachibale wa ku Joni aibweretse kudzera pa Mwanza. Mtengo utsikadi, koma chitsimikizo cha sitolo ya ku Johannesburg sichingatithandize tili ku Neno. Ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo zoitanitsa kunja zinakwera mtengo kwambiri.

Maganizo anga ndi awa. Tigule TV ya smart ya mtengo wapakatikati koma yaikulu, mainchesi 65 kapena kuposa, chifukwa kwa mwana wakumbuyo kukula kwa zilembo n'kofunika kuposa kuwala. Tiiyike pa khoma losayang'anizana ndi zenera, ndipo telala atisokere makatani okhuthala. Ndalama zotsala tigulire chotetezera TV ku magetsi obwera mwamphamvu, batire ndi invita, fulashi yosungira maphunziro kuti tizitsitsa kamodzi n'kuonetsa makalasi onse, ndi chitsulo chokhomera TV kuti akuba asatibere.

Akomiti, pokagula mufunse zinthu zitatu: TV imadya ma wati angati, chitsimikizo chake n'cha miyezi ingati ndipo chilembedwe, komanso ikaonongeka imakakonzedwera kuti. Mutengenso mphunzitsi mmodzi, akaime patali ngati mwana wa pa benchi yomaliza, awerenge zolembedwa pa sikirini. Inu ophunzira, ndalamazi ndi thukuta la makolo anu, ena anagulitsa mbatatesi ndi manachesi kuti asonkhe. Kambiranani nawo za nkhaniyi kunyumba, ndipo amene akuona mosiyana ndi ine abwere nazo mfundo zake pa msonkhano wotsatira.