Nsomba imodzi ikawola, tiwerenge zotsalazo

Lero ndikufuna kutsutsa mwambi, akuluakulu andikhululukire. Amati ikawola nsomba imodzi, zonse zawola. Pa nsomba za m'dengu ndi zoona. Koma ife aphunzitsi tinautenga mwambiwu n'kuuika pa ana, pa sukulu, mpaka pa dziko lonse. Lowani mu sitafu rumu iliyonse kuno ku Dedza nthawi ya buleki, makapu a tiyi ali m'manja, mudzamva: "Ana a masiku ano ndi mbuli." "Malawi anatha kalekale." Wolankhula choncho timamugwedezera mutu ngati munthu woona patali. Wina akangoti koma atsikana a Folomu 3 chaka chino masamu akuwatha, timamuyang'ana ngati akusaka kukwezedwa pa ntchito.

Ine ndikuti kudandaula kumeneku si nzeru ayi. Ndi mmene ubongo wa munthu unapangidwira basi, ndipo mbuli ndi wophunzira ali nacho chimodzimodzi. Taganizani za Akafula, alenje aja amene anajambula zithunzi zofiira m'mapanga a ku Chongoni. Mlenje akamva tswa! m'udzu, n'kuganiza kuti ndi nyalugwe chonsecho ndi mphepo, wangotaya mpweya pothawa. Koma akaganiza kuti ndi mphepo chonsecho ndi nyalugwe, kwake kwatha. Amene anatsala n'kubereka ana ndi amantha aja, ndipo tonsefe tinatengera kwa makolo otere. Akatswiri a za maganizo anaziyeza zimenezi. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anasonyeza kuti kutaya ndalama kumapweteka pafupifupi kawiri kuposa mmene kutola ndalama yomweyo kumakomera. Mu 2001, Roy Baumeister ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wochuluka n'kupeza kuti choipa chimalemera kuposa chabwino pafupifupi paliponse: m'banja, pa ntchito, ngakhale pa mawu amene munthu wauzidwa.

Ndiye kuti sikelo ya m'mutu mwathumu ndi yokhota ngati ya mavenda ogula mbatatesi m'midzi. Mlimi wochenjera wa ku Bembeke amadziwa zoti achite ndi sikelo yotere: amakayezanso kwina.

Tiyeni tiyezenso. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa m'Malawi muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Anzanga amene munakula zaka za m'ma 1980, kumbukirani timabokosi ting'onoting'ono tija tinkapita kumanda mwezi ndi mwezi. Kumbukiraninso aphunzitsi anzathu amene tinaika m'manda chifukwa cha Edzi, ma ARV aulere asanabwere mu 2004. Lero alipo amene akumwa mankhwalawo ndipo afika popuma pa ntchito ali ndi zidzukulu. Mu 1994 sukulu ya pulaimale itakhala yaulere, ana oposa miliyoni imodzi analowa m'kalasi chaka chimodzi chokha. Mu sitafu rumu nkhani imeneyi timangoikumbukira ngati chiyambi cha kutsika kwa maphunziro. Makalasi anadzaza, inde, mabuku anachepa. Koma ena mwa inu amene mukuwerenga izi, anamwino ndi aphunzitsi lero, mukadakhala kuti pakadapanda chaka chimenecho?

Musandimve molakwa. Kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo malipiro athu anasanduka madzi. Namondwe Freddy anapha anthu ambirimbiri chaka chomwecho, kolera nayenso. Wonena kuti zonse zili bwino ndi wabodza, kapena ali pa kampeni. Chimene ndikukana ine ndi kuwerenga mbali imodzi ya kaundula n'kumadzitcha wanzeru.

Ndipo amene amalipira si ife, ndi ana. Mwana wayenda makilomita asanu m'chisanu cha mu Juni, wakhoza masamu asanu ndi awiri mwa khumi, ife bolopeni yofiira yathamangira atatu olakwawo. Ubongo wake nawonso ndi wokhota ngati wathu, ndiye atatu aja amamulemera ngati thumba la chimanga. Akamva mphunzitsi wake tsiku ndi tsiku akuti dziko lino latha, satifiketi ndi pepala chabe, tidzadabwa bwanji akasiya sukulu ali Folomu 2 n'kuyamba wa ku Joni?

Ine pochonga makope ndimalemba chinthu chimodzi chimene mwana wachita bwino, chotchulika, osati kungoti "wayesetsa". Zimadya nthawi, makamaka kalasi ikakhala ya ana 80. Ndipo zotsatira za MSCE zikadzatuluka, ahedi akadzayamba kutchula amene alephera, ndidzaimika dzanja kupempha kuti atchulenso mayina a amene akhoza, mmodzimmodzi, ndi midzi imene akuchokera.