Utsi wa m'khitchini ya amayi

Ndikulemba izi cha m'ma 2 koloko usiku, ndili m'kanyumba ka pageti pomwe ndimalondera kuno ku Cape Town. Usiku ukatalika, mlonda amayamba kukumbukira zolakwa zake. Lero ndiulule chimodzi.

Amayi anga ku Chiradzulu akhala akutsokomola kwa nthawi yaitali. Amaphika pamafuwa m'kakhitchini kopanda zenera, ndipo nkhuni zikanyowa amakolezera moto ndi majumbo. Nditatumiza ndalama ya mankhwala kachitatu, mtima unandipsa. Ndinawatumizira voice note ya mphindi zinayi pa WhatsApp. Ndinalankhula ngati ndili paguwa: za utsi, za pulasitiki, za mitengo imene yatha m'phiri, mpaka za namondwe wa Freddy wa mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe ndi m'boma lathu lomwelo. Zonse ndinanenazo zinali zoona. Amayi anamvera, koma kwa sabata ziwiri sanayankhe.

Amene anaimba foni ndi bambo. "Abusa," anatero, ndipo akandiitana choncho ndimadziwiratu kuti zinthu zavuta. "Makala mukuwanyozawo ndi amene anakulipirirani fizi mpaka folomu 4. Ndinkawakweza panjinga kupita nawo ku Limbe, inu muli m'tulo."

Ndinasowa chonena. Kusukulu ya Baibulo ndinaphunzira bwino 1 Timoteo 5, pomwe Paulo akuuza mbusa wachinyamata kuti munthu wamkulu sadzudzulidwa mwaukali, koma amadandauliridwa ngati bambo, ndipo amayi achikulire ngati mayi ako. Ndinkazichita kwa akuluakulu a mumpingo, koma osati kwa amene anandibereka.

Ifenso tisadzitame. Ambiri tinaphunzira kusamala madzi mokakamizidwa mu 2018, pamene mzinda uno unalamula kuti munthu aliyense asapyole malita 50 patsiku. Tinkasamba m'beseni, madziwo n'kukathira kuchimbudzi, n'kumadziona ngati akatswiri. Chikhalirecho amayi achita zimenezi moyo wawo wonse: madzi otsukira mbale amathirira mpiru, phulusa amatsukira mapoto. Makolo athu sawotcha nkhuni chifukwa cha umbuli. Gasi ndi magetsi n'zodula, ndipo midzi yambiri magetsiwo sanafike.

Komabe nkhaniyi siyofunika kuisiya. Pa Genesis 2:15 Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime komanso ausunge. Ndipo kulemekeza makolo sikutanthauza kungoyang'ana mayi akupuma utsi tsiku ndi tsiku. Chofunika kusintha ndi kalankhulidwe kathu. Nditapepesa, ndinachita zinthu zitatu.

Choyamba, ndinafunsa. Ndinati, "Bambo, muli mnyamata m'phirimo munali mitengo yanji?" Analankhula mpaka bando inatha: masuku amene ankatola, mibawa ya m'mbali mwa mtsinje, kasupe amene anauma. Zimene ndinkawalalikirazo ankazidziwa bwino kuposa ine, ndipo zinkawapweteka. Iwo eni ndi amene anati tibzale mitengo kumalire a munda mvula ikayamba. Ine ndinangolipira mbande.

Chachiwiri, ndinatumiza chinthu m'malo mwa ulaliki. Potumiza ndalama ndinaonjezera pang'ono kuti mchemwali wanga agule Chitetezo mbaula, ija yadothi. Imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, imayaka ndi zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, ndipo imanyamulika, moti amayi angathe kuphikira pakhonde pomwe mpweya ukudutsa. Sindinatchulenso za chilengedwe. Ndinangoti, "Amayi, ndikufuna adzukulu anu adzakupezeni muli ndi mphamvu." Mchemwaliyo anawaperekezanso kuchipatala kuti chifuwacho akachiyeze, chifukwa chifuwa chokhalitsa si chongogulira mankhwala pagolosale.

Chachitatu, ndinadekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa mwezi wathunthu mbaulayo inali pakona, amayi akusungiramo mazira. Tsiku lina mnzawo wa kumpingo anaibwereka n'kubwera akuiyamikira, ndiye amayi anaiyesa. Lero ndiwo ndi tiyi amaphikira pamenepo. Nsima ya anthu ambiri ndi thobwa akuphikirabe pamafuwa, ndipo ndasiya kulimbana nazo. Majumbo anasiya kukolezera. Amasunga tinkhuni touma padenga la khitchini.

Abale, ndalama imene timatumiza kumudzi imatipatsa mawu m'banja, koma isatisandutse mabwana a makolo athu. Sabata ino imbani foni, ndipo musayambe ndi malangizo. Funsani kuti akuphikira chiyani, nkhuni akuzipeza kuti, maso ndi chifuwa zili bwanji. Kenaka sankhani chinthu chimodzi chokha, mulipire ndinu, ulemu upite kwa iwo.

Tipemphere kuti Ambuye atipatse lilime lofatsa, asunge makolo athu, ndipo achiritse dziko lathu. Ambuye akudalitseni nonse, makamaka inu amene muli pantchito usiku uno.