Nambala ikamira pa kanema, ndalama yapita

Amalonda ang'onoang'ono ku Lilongwe alowa m'bwalo lomwe kale linali la makampani akuluakulu okha. Woweta nkhuku, mmisiri wa masofa, mayi wosoka makatani ku Old Town, onse akujambulitsa kanema wa masekondi 30 kuti aoneke pa MBC TV, Zodiak TV kapena Times TV, ena pa WhatsApp ndi Facebook. Maso awo ali pa ogula a ku Area 10 ndi ogwira ntchito ku City Centre ndi ku Capital Hill, anthu oti ambiri alibe nthawi yopanikizana pamsika wa Tsoka. Iwo amaimba foni, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, katundu n'kuwapeza pageti. Kwa wogula wotere, sitolo ndi nambala ya foni basi.

Apa ndiye ambiri akuluzapo. Wokonza kanema amalemba mtengo ndi nambala m'zilembo zoyera pamwamba pa khoma loyera, mitambo kapena chitenje cha maluwamaluwa, zilembozo n'kumira. Mankhwala omwe amathamangira ndi kamthunzi kakuda koika kuseri kwa chilembo chilichonse, komwe pa kompyuta amati drop shadow. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kusiyanitsa chilembo ndi zomwe zili kumbuyo kwake. Kakakhala kopyapyala ndiponso kogundana ndi chilembo, diso silikaona n'komwe, limangowerenga.

Vuto ndi loti anyamata ena a laputopu anakasandutsa chokongoletsera. Mthunzi amaukulitsa, kuutalikitsa, mpaka nambala imaoneka ngati yalembedwa kawiri. Pamenepo 3 amasanduka 8, 6 amasandukanso 8, ndipo wogula amaimbira munthu wina. Pa laputopu, mphuno ili pafupi ndi galasi, zonse zimaoneka bwino. Koma wa ku Area 10 amaonera ali pa sofa kutali ndi TV, mwinanso akudya nsima. Pa WhatsApp ndiye zimaipiratu, chifukwa kanema amafinyidwa potumiza ndipo tinthu ting'onoting'ono ndi timene timayamba kufufutika.

Wamalonda wolipira ndalama zake asachite manyazi kunena zomwe akufuna. Ngati chithunzi chakumbuyo chili ndi mitundu yambiri, mthunzi sungathandize. Pafunika mzere wa mtundu umodzi, wakuda kapena wabuluu, nambala n'kukhala pamwamba pake m'zilembo zoyera kapena zachikasu, zonenepa, zopanda timichira. Manambala a foni muno ali ndi manambala 10, choncho agawidwe m'magulu atatu, ndipo akhale nthawi yoti munthu awerenge mokweza kawiri osathamanga. Asakhalenso m'mphepete, popeza pakona pamakhala chizindikiro cha wailesi ya kanemayo ndipo pansi nthawi zina pamadutsa mawu oyenda.

Asanapereke ndalama yotsala, mwini malonda aonere kanemayo pa TV yeniyeni ataima kukhomo, kenako adzitumizire pa foni. Akapeza gogo woti awerenge nambalayo opanda magalasi, ndiye mayeso abwino kuposa onse.

Nkhani ya mtengo nayo njofunika kuisamala. Kuchokera pomwe kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero sudziwika ngati ufika mwezi wamawa. Wokonza kanema auzidwe kusunga fayilo yomwe zilembo zili pazokha, kuti mtengo ukasintha angofufuta manambalawo osati kujambulanso, zomwe ndi ndalama ina. Ndipo wolemba mtengo wotsika m'zilembo zikuluzikulu, kwinaku mawu oti transipoti ndi ya wogula atawabisa m'tizilembo tosawerengeka, adziwe kuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a otsatsa malonda mosocheretsa anthu.