Za Pakhomo: Posankha Mpeni wa M'thumba

Ambiri a ife kuno kunyanja sitiyenda opanda kampeni kopinda m'thumba. Timadulira chingwe cha ukonde, kutumbulira chambo ndi kusendera mango. Koma pogula timakopeka ndi kunyezimira, osayang'ana chitsulo chake ndi loko wake.

Mipeni yambiri ya Okapi, imene inayamba kupangidwa ku Germany mu 1902 ntchitoyo isanasamukire ku South Africa mu 1988, ndi yachitsulo chosavuta kunola koma chosachedwa kuchita dzimbiri. Mpeni wotere tiziupukuta ndi kuupaka mafuta ophikira tikachoka kumadzi. Msodzi angachite bwino kusankha wachitsulo chosachita dzimbiri, ngakhale kunola kwake kumatenga nthawi.

Tisanalipire, tiutsegule ndi kuugwedeza. Ngati ukugwedera kapena kupindika wokha tiusiye, chifukwa tsiku lina udzatitsekera pazala. Ukhalenso wopyapyala kuti usatilemere m'thumba. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikumbutsanenso kuti kampeni kotere sikozingira mbuzi. Kuzinga kumafuna mpeni wautali ndi wakuthwa bwino kuti chiweto chisazunzike.